Cingwe Cimene Cinaduka pa Phiri la Matterhorn

M'mudzi wa Zermatt, m'dziko la Switzerland, muli nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo m'nyumbamo asunga kacidutswa ka cingwe conyotsoka kunsonga. Munthu wosadziwa angacipitirire osaciyang'ana kawiri, pakuti ndi cingwe wamba, cocepa thupi, cosasiyana kwenikweni ndi cimene amai amayanikapo zobvala. Koma cingwe cimeneci cinaduka pa 14 July 1865, anthu anai nagwera m'phompho, ndipo mlandu wace anthu sanaleke kuukamba kufikira lero. Nkhani ino ndi ya tsiku limenelo. Koma kuti imveke bwino iyenera kuyambira kumbuyo, pa nthawi imene anthu a ku Ulaya ankaopa mapiri ao.

Mapiri a Alps ndiwo mtandadza waukuru umene unapingasa pakati pa Ulaya, kuyambira ku France, kupyola Italy ndi Switzerland, kufikira ku Austria. Omvera amene anaonapo phiri la Mulanje adziwa kuti nsonga yace, Sapitwa, iri pa mamita 3,002 kucokera pa nyanja ya mcere. Koma Mont Blanc, mkuru wa mapiri a Alps, apitirira mamita 4,800, ndipo alipo ena ambiri opitirira 4,000. Pa msinkhu wotere cisanu sicitha caka conse. M'malo mwa mvula kumagwa cipale cofewa, coyera ngati ufa, ndipo cikaunjikana zaka ndi zaka cimapanikizana nicisanduka madzi oundana olimba ngati mwala. Madzi oundanawo amatsetsereka pang'onopang'ono kutsata zigwa monga mtsinje waulesi, nang'ambika ming'alu yakuya yoti nyumba ingathe kumiramo.

Nkosadabwitsa kuti anthu okhala m'tsinde mwa mapiri otere ankawaopa. Monga momwe a ku Zomba ndi ku Mulanje amanenera za Napolo phiri likagumuka, a ku Switzerland nao ankati m'mapanga a mapiri ao muli zinjoka zamapiko. Ndipo ngakhale m'caka ca 1723 munthu wophunzira kwambiri wa ku Zürich, Johann Jakob Scheuchzer, anasindikiza buku m'mene analongosola mitundu ya zinjokazo pamodzi ndi zithunzi zace. Pafupi ndi mzinda wa Lucerne pali phiri dzina lace Pilatus, kumene kunali thamanda limene anthu ankati mukhala mzimu wa Pontiyo Pilato, ndi kuti wina akaponyamo mwala mzimuwo udzautsa namondwe woononga minda. Akuru a mzinda analetsa kukwerako, ndipo mu 1387 atsogoleri a mpingo asanu ndi mmodzi anaikidwa m'ndende cifukwa coyesa. Mantha anayamba kutha mu 1585, pamene wansembe wa mzindawo anapita ndi gulu la anthu naponya miyala m'thamandamo pamaso pa onse, ndipo sipanaoneke kanthu.

Komabe analipo anthu amene ankakwera m'mapirimo cifukwa ca umphawi. Abusa ankapita ndi ng'ombe zao ku msipu wa pamwamba m'nyengo yofunda. Alenje ankalondola nyama ya m'matanthwe yonga cinkhoma. Ena ankafuna miyala yonyezimira yokagulitsa kwa alendo. Anthu awa ankadziwa pamene pagwa miyala, pamene cipale cibisa mng'alu, ndi mtambo umene ubweretsa mphepo. Koma kunsonga kwenikweni sankafikako, pakuti kunalibe kanthu kodya kapena kogulitsa.

Amene anayamba kufuna nsonga anali munthu wa m'mzinda. Mu 1760 mnyamata wophunzira za cilengedwe wa ku Geneva, Horace-Bénédict de Saussure, anafika ku mudzi wa Chamonix, m'tsinde mwa Mont Blanc, nalonjeza mphotho kwa ali yense amene adzapeza njira ya pamwamba. Panapita zaka 26. Pa 8 August 1786 dokotala wa m'mudzimo, Michel-Gabriel Paccard, ndi wofuna miyala yonyezimira, Jacques Balmat, anafika pansonga dzuwa litapendeka, anthu ali kuwaona kucokera pansi ndi magalasi oonera patali. Caka cotsatira Saussure mwini wace anakwera ndi amuna 18 omtsogolera ndi kumsenzera katundu. Kuyambira pamenepo kutsogolera alendo m'phiri kunasanduka nchito yolipidwa, ndipo mu 1821 anamulondola a ku Chamonix anapangana bungwe lao.

Alendo ambiri anali Angerezi a cuma: oweruza milandu, abusa a mpingo, aphunzitsi a sukulu zapamwamba, amene sitima ya pamtunda inawafupikitsira ulendo. Mu 1857 anayambitsa bungwe lao ku London, dzina lace Alpine Club, ndipo pakati pa 1854 ndi 1865 nsonga zazikuru zambiri za Alps zinakweredwa kwa nthawi yoyamba. M'mabuku a nthawi imeneyo dzina loyamba kulembedwa linali la mlendo. Koma munthu woyenda patsogolo, wosema makwerero m'madzi oundana ndi kankhwangwa ka mpini wautali, kawirikawiri anali mlimi wa m'cigwa comweco, amene mwina sankadziwa ndi kulemba komwe.

Anamulondola amenewa ndiwo anaphunzitsa alendo kukonda msana wa phiri, ndiko kuti mzere wa pamwamba pamene mbali ziwiri za phiri zikumana monga mtanda wa denga la nyumba. Munthu wosazolowera aganiza kuti pamenepo ndiye poopsa koposa, popeza phompho liri uku ndi uku, ndipo pena njira icepa kufikira phazi limodzi. Koma dzuwa likatentha, madzi oundana amene amamatira miyala amasungunuka, miyala niyamba kugubuduzika kutsata nkhope ya phiri ndi makwalala ace. Woyenda m'khwalala ali ngati nyerere mumtondo, pamene woyenda pamsana palibe comgwera kucokera kumwamba. Adani ace ndi mphepo, mphezi, ndi kuterereka. Cifukwa ca kutererekako anthu amamangana cingwe m'cuuno, ndipo lamulo lace ndi lakuti pa malo obvuta aziyenda mmodzi yekha, ena atagwiritsa, cingwe ciri cokungika. Cikakhala colendewera, wogwayo amayamba wathamanga asanacikoke, ndipo pamenepo cingwe coyenera kupulumutsa mmodzi cimakokera onse ku imfa.

Nanga cimene ankafuna pamwambapo n'ciani? Woyenda pamsana wa phiri aona maiko awiri nthawi imodzi. Mbanda kuca nsonga zoyera zimayamba kufiira imodzi imodzi, zigwa zikali mumdima. Mitambo imakhala pansi pa mapazi ngati nyanja, mapiri ena atatumphuka pamwamba pace ngati zisumbu. Kumwamba kumabiriwira kufikira kuda, ndipo kulibe phokoso koma mpweya wa munthu mwini wace. Amene anaziona ankabwerera caka ndi caka, ngakhale abale ao ankawayesa openga.

Pofika 1865 linatsala phiri limodzi limene ambiri ankati silingatheke. Matterhorn, la mamita 4,478, laima lokha pamalire a Switzerland ndi Italy, losongoka ngati nyanga, la nkhope zinai ndi misana inai. Amuna awiri analiika mumtima. Woyamba anali Jean-Antoine Carrel wa m'cigwa ca Valtournenche, ku mbali ya Italy, mlenje amene anagwirapo nchito ya usilikari. Iye ankafuna kuti phirilo likweredwe kucokera ku cigwa ca kwao, ndi anthu a kwao. Waciwiri anali Edward Whymper wa ku London, wobadwa mu 1840, mmisiri wozokota zithunzi za m'mabuku, amene anatumidwa ku Alps mu 1860 kukajambula mapiri, nagwidwa nao mtima. Kuyambira 1861 Whymper anayesa kasanu ndi kawiri kucokera ku mbali ya Italy, pena pamodzi ndi Carrel, pena popanda iye. Mu 1862, ali yekha, anagwa mamita ngati 60 nabvulala m'mutu, koma sanaleke. Awiriwa ankalemekezana, koma sankakhulupirirana kwenikweni.

Whymper anali ndi diso la wojambula, ndipo ilo linamuonetsa cimene ena sanacione. Kucokera ku Zermatt phirilo lioneka ngati khoma loongoka. Koma poliyang'ana cam'mbali anapeza kuti nkhope ya kum'mawa ndi yopendekeka ndithu, ndi kuti miyala yace inasanjikana ngati makwerero, pamene ku mbali ya Italy inapendekera kunja ngati malata a padenga. Anapangana ndi Carrel kuti akayese ku mbali ya Zermatt. Koma Carrel anali atalonjezana kale mseri ndi Felice Giordano, amene anatumidwa ndi akuru a bungwe la okwera mapiri la ku Italy kuti ulemu wa phirilo ukhale wa dziko lao. Pa 11 July Whymper anadzuka napeza kuti Carrel wanyamuka ndi anzace, ndipo iye watsala wopanda womtsogolera.

Mwa mwai kunafika mnyamata wa zaka 18, Lord Francis Douglas, amene anali atalemba nchito namulondola wa ku Zermatt, Peter Taugwalder, munthu wa zaka 45. Whymper ndi Douglas anaoloka mpata wa Theodul mofulumira, ndipo ku hotela ya Monte Rosa ku Zermatt anapeza gulu lina lokonzekera ulendo womwewo: mbusa Charles Hudson, mmodzi wa akatswiri a nthawi imeneyo, Michel Croz wa ku Chamonix, namulondola wamphamvu amene anayendapo ndi Whymper, ndi mnyamata wa zaka 19, Douglas Hadow. Hadow anali atangoyamba kumene kukwera mapiri caka comweco. Whymper atafunsa za iye, Hudson anamcitira umboni kuti anakwera Mont Blanc mwa cangu. Kuyenda msanga pa cipale si kufanana ndi kutsika pa thanthwe loterera, koma usiku umenewo panalibe wotsutsa. Magulu awiri anasanduka limodzi, lopanda mtsogoleri mmodzi womveredwa ndi onse.

Ananyamuka m'mamawa pa 13 July, nagona m'hema pa msana wa Hörnli. M'mawa mwace anthu asanu ndi awiri, pamodzi ndi mwana wa Taugwalder, dzina lace Peter yemwe, anayamba kukwera, nadabwa kuona kuti njira imene anthu anaiopa zaka zonsezi inali yosabvuta. Pafupi ndi pamwamba pokha ndi pamene anapatukira ku nkhope ya kumpoto, pa matanthwe okutidwa ndi madzi oundana, ndipo pamenepo Hadow anafunika kuthandizidwa phazi ndi phazi. Pa mphindi 40 itapitirira 1 koloko masana, Whymper ndi Croz anamasula cingwe nathamangira pansonga. Pa cipale panalibe phazi la munthu. Atasuzumira ku mbali ya Italy anaona Carrel ndi anzace ali pansi ndithu. Anapfuula, nagubuduza miyala kuti awamve, ndipo Ataliyanawo ataona kuti apambanidwa anabwerera. Croz anabvula malaya ace nawapacika pa mtengo wa hema kukhala mbendera. Kunja kunali kowala kopanda mtambo, kotero kuti anaona mapiri a ku Italy ndi ku France a pa mtunda wa makilomita oposa 150. Anakhala pamwambapo ora limodzi.

Potsika Croz anatsogola, pambuyo pace Hadow, ndiye Hudson, Douglas, ndi Taugwalder wamkuru. Whymper anatsalira kulemba maina ao m'botolo, natsika ndi Taugwalder wamng'ono, ndipo pambuyo pace anadzimangirira kwa wamkuruyo popemphedwa ndi Douglas. Anali atakambirana zomangirira cingwe cina ku matanthwe kuti azigwira pa malo obvutawo, koma sizinacitike. Croz anaika pansi nkhwangwa yace kuti agwire miyendo ya Hadow ndi kuiponditsa poyenera. Pamene anatembenuka kuti atsike iye mwini, Hadow anaterereka namgunda kumsana. Awiriwo anagwa, nakoka Hudson, Hudson nakoka Douglas. Whymper ndi Taugwalder wamkuru anakakamira ku thanthwe ndi mphamvu zao zonse. Cingwe cinakungika, nicidukira pakati pa Taugwalder ndi Douglas. Otsalawo anaona anzao ali kutsetsereka cagada, manja ali tambasu kufuna pogwira, nazimirira mmodzi mmodzi m'phompho la mamita ngati 1,200.

Pa nthawi yomweyo mnyamata wina ku Zermatt anathamangira kwa mwini hotela, Alexander Seiler, kukanena kuti waona cigumukire cocokera pansonga ya phiri. Anamdzudzula kuti aleke nkhani zabodza.

Atatu otsalawo anakhala pamalopo theka la ora osatha kusuntha. Whymper atayang'ana cingwe codukaco anapeza kuti cinali cofoka koposa mwa zingwe zitatu zimene anatenga, cimene sanacitengere kumangira anthu. Anagona m'phiri usiku umenewo, nafika ku Zermatt m'mawa pa 15 July. Tsiku lotsatira mitembo ya Croz, Hadow ndi Hudson inapezeka pa madzi oundana a m'tsinde. Wa Douglas sunapezeke kufikira lero. Pa 17 July Carrel anabwereranso ndi Jean-Baptiste Bich, nafika pansonga kudzera msana wa kwao, umene uli wobvuta koposa wa Hörnli.

Boma la cigawo ca Valais linaitanitsa bwalo lofufuza ku Zermatt, ndipo silinapeze munthu wolakwa. Koma bwalo la pakamwa pa anthu linaweruza mwa mtundu wina. Mphekesera inafalikira Ulaya yense kuti Taugwalder anadula cingwe ndi mpeni kuti adzipulumutse. Ici sicikanatheka, pakuti zonse zinacitika m'kuphethira kwa diso, manja ace onse ali pa thanthwe ndi pa cingwe. Ndipo Whymper yemwe anakana bodzalo m'buku lace la 1871. Koma m'buku lomwelo anasiya funso lina lolendewera: cifukwa ninji Taugwalder anamangira Douglas cingwe cofoka? Owerenga anamva kuti mwina anacita dala.

Pano mpofunika kuyesa mlandu mosakondera. Kugwiritsa nchito cingwe cofokaco kunali kulakwa, ndipo Taugwalder ndiye anacimanga. Koma cingwe sindico cinagwetsa anthu. Anagwa cifukwa mnyamata wosazolowera anatengedwa ku malo oposa msinkhu wace, cifukwa cingwe cogwirira sicinamangidwe ku matanthwe monga anapangana, ndi cifukwa panalibe mmodzi wolamulira ulendo. Ndipo zonsezi zinali m'manja mwa alendo, osati mwa mlimi wolembedwa ganyu. Ambiri odziwa za mapiri aganizanso kuti cingweco cikadakhala colimba, kulemera kwa anthu anai kukadazula atatu enawo, ndipo pakadapanda wotsala wosimba nkhaniyi. Kusiyana kwa anthu awiriwa kunali kwakuti Whymper anali ndi colembera. Kalata yace inaturuka m'nyuzipepala ya The Times, buku lace linamasuliridwa m'zinenero zina, pamene Taugwalder sankalankhula Cingerezi, ndipo mayankho ace a m'bwalo lija anakhala obisika zaka zoposa 50. Alendo anayamba kumpewa. Anapita ku America nakhalako zaka zingapo, nabwerera kwao, namwalira mu 1888 pa Schwarzsee, m'tsinde mwa phiri lomwelo. Mwana wace anapitiriza nchito, nakwera Matterhorn koposa ka 100.

Nyuzipepala za ku Mangalande zinadzudzula masewera otaya miyoyo ya anyamata pacabe, ndipo ena anayesa kuti kukwera mapiri kwathera pomwepo. Zinacitika ndi zosiyana. Mbiri ya ngoziyo inaitana anthu ambiri kudzaona phirilo ndi maso ao. Mu 1871 Lucy Walker anakhala mkazi woyamba kufika pansonga pace. Mu 1880 anamanga nyumba yogonamo okwera pa msana wa Hörnli. Mu 1891 njanje inafika ku Zermatt, ndipo mu 1898 ina inakwera kufika pa msana wa Gornergrat, pa mamita oposa 3,000, pamene nkhalamba ndi ana angathe kuyenda pa njira yosalala akuyang'anizana ndi Matterhorn. Mudzi wa alimi osauka unasanduka wa mahotela. Phiri lokha silinasinthe: anthu oposa 500 afera pa ilo kuyambira 1865.

Whymper ndi Carrel anayanjananso, ndipo mu 1880 anakwera pamodzi phiri la Chimborazo ku Ecuador, kumene kunali kusanafike munthu. Mu August 1890 Carrel, ali ndi zaka 61, anatsekerezedwa ndi namondwe pa msana wa Italy wa Matterhorn, ali ndi mlendo wace Leone Sinigaglia. Cakudya ndi nkhuni zitacepa, anatsogolera gulu lonse kutsika m'cipale ndi mphepo kuyambira m'mawa kufikira usiku, osalola wina kumlanda malo a patsogolo mpaka zoopsa zitatha. Atafika pafupi ndi msipu wa m'tsinde mphamvu zinamthera, nagona pa thanthwe, namwalira pomwepo, onse amene anawatsogolera ali amoyo. Pamalopo anaimikapo mtanda. Whymper anamwalira ku Chamonix mu 1911.

Cakufupi ndi pamene Hadow anaterereka, anamulondola a ku Zermatt anakhomera zingwe zonenepa m'thanthwe, zimene okwera amagwira pokwera ndi potsika. Pa 14 July 2015, patapita zaka 150, akuru a mudziwo anatseka phirilo tsiku lathunthu, ndipo sanalole munthu ali yense kupondapo.